Lamba wa Ndodo ndi Chala cha Mwana Wanga

Pepala loyamba m'fayilo yanga yobiriwira ndi limene anatisayinitsa pakhomo la malo otsetsereka pa chipale ku Al Barsha, mu mzinda wa Dubai. Lili ndi ndime khumi ndi ziwiri. Ndinaziwerenga zonse ndili chiimire, anthu a pambuyo panga akung'ung'udza, chifukwa ine ndinagwira ntchito yosunga makalata mu ofesi ya boma ku Zomba mpaka kupuma, ndipo sindisayina chinthu ndisanachiwerenge. Ndimezo zikunena za masiki, za kutalikirana, za kuyezetsa kutentha kwa thupi, ndi zoti aliyense avale magolovesi. Za lamba wa ndodo mulibe ngakhale liwu limodzi.

Ku Dubai ndinapitako kukaona mwana wanga wamkazi, amene ndi namwino, ndi mwamuna wake, mkamwini wanga wa ku Chipata, injiniya wa makina oziziritsa m'nyumba. Ndinanyamula zovala za masabata atatu. Mliri utatseka mabwalo a ndege, masabata atatuwo anasanduka miyezi, ine ndili m'nyumba yawo ya m'mwamba ku Al Mankhool, kuyang'ana misewu yopanda anthu pawindo. Ife okalamba anatiletsa ngakhale kulowa m'masitolo akuluakulu.

Mwana wanga ankagwira m'wodi ya odwala matendawo. Ankabwera nkhope itadindika mizere ya masiki, n'kulunjika kubafa osalola kuti munthu amuyandikire. Luso lake linali kuika diripi. Wodwala akafooka mpaka mitsempha kubisala, anzake akalephera, ankaitana iye. Ntchito imeneyo ndi ya chala chamanthu cha kumanja, chimene chimapana singano ndi kuikankha pang'onopang'ono. Pangano lake la ntchito linali litatsala miyezi iwiri kuti alione ngati alipitirize, ndipo m'dziko muja ntchito ikatha chilolezo chokhalamo chimatheranso pomwepo.

Lamulo lotiletsa okalamba atalichotsa, iye anapatsidwa masiku awiri opuma. Mkamwini ndiye anabweretsa nkhani ya chipale.

"Apongozi, manje mwakhala maningi m'nyumba," anatero. "Tiyeni mukaoneko kuzizira. Mukakawauza ku Zomba kuti munaponda chipale m'chipululu, azakamba kuti mwayamba boza ku ukalamba."

Malowo ali m'kati mwa nyumba yaikulu ya masitolo. Anamanga phiri m'chipinda chozizira ngati firiji, n'kuthiramo chipale chofewa chopanga ndi makina. Anthu amamanga matabwa aatali kumapazi, amakwera pamwamba ndi mipando yoyenda pa chingwe, n'kutsetsereka mpaka pansi akudzichirikiza ndi ndodo. Mwana wanga anali ataphunzirako mliri usanayambe, koma ophunzira amayamba opanda ndodo. Tsiku limenelo kanali koyamba kuzigwira.

Ndodozo ndi ziwiri, zopepuka, ndipo kumutu kwa chogwirira chilichonse kuli kalamba kopindidwa ngati khwekhwe. Mayi amene ankazipereka anaziika patebulo n'kubwerera m'mbuyo, monga ankachitira aliyense masiku amenewo. Anayankhula zinazake m'kati mwa masiki akuloza kukhoma. Magalasi anga anali atachita nthunzi chifukwa cha mpweya wanga womwe, moti sindinamve ndipo sindinaone.

Titafika m'munsi mwa phirilo, ndinaona mwana wanga wagwira ndodo, lamba akungolendewera. Ine sindinkatsetsereka, ndinali nditangovala chijasi chawo kuti ndionerere. Koma lamba wolendewera ndimamudziwa. Zaka zonse zimene ndinkanyamula chikwama cha makalata pa depoti ya Limbe, ndinkalowetsa dzanja kuchokera pamwamba, kukulunga lamba kawiri pamkono, n'kumukola ndi chala chamanthu. Ukatero palibe mbala ingakutsomphole.

"Iwe, bwera kuno," ndinatero. "Ndodo za eni akezi uzitaya pamwambapo. Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka."

"Bambo, zisiyeni, sizigwa."

"Bweretsa dzanjalo."

Anaseka n'kutambasula dzanja lamanja ngati mwana wa sukulu. Ndinalilowetsa kuchokera pamwamba, ndinakulunga kawiri, ndinakoletsa lambayo pa chala chamanthu, kenako ndinakoka kuti ndione ngati walimba. Lamanzere anakana.

"Khalas, basi, Bambo, limodzi lakwana. Mukundimanga ngati mbuzi ya pa msika. Yalla, tiyeni, tikuchedwa."

Anatsika kawiri bwinobwino. Kachitatu, atatsala pang'ono kufika pamene ndinaima, matabwa ake anapingasana ndipo anagwa chakutsogolo. Sikunali kugwa koopsa. Ndodo ya kumanzere inathawa m'manja n'kukagwera uko. Ya kumanja inatsala m'chikhatho, ndipo anaigwera ndi thupi lonse. Anadzuka n'kukhala pansi, akuyesa kumasula lambayo ndi mano. Sanalire. Anangoti, "Ndabinya."

Kunyumba chalacho chinali chitatupa patsinde, mbali yoyang'ana chala chamkombaphala. Mkamwini anati tiikepo madzi oundana. Ine ndinati munthu wavulalira pozizira, mukufuna kumuwonjezeranso kuzizira kwina? Ndinatenthetsa madzi, ndinaviika kansalu, ndinayamba kumuthowa monga timachitira kwathu munthu akabinya. Nditatha ndinagwira chalacho n'kuchikoka kuti chibwerere m'malo mwake. Ndinakoka kawiri. Kachiwiriko anandichotsa dzanja mwamphamvu, nkhope itatuwa, n'kupita kuchipinda.

Wina angafunse kuti namwino analola bwanji. Ndamufunsapo. Anati anali atatopa, ndipo kukana bambo wake kunali kovuta kuposa kupirira.

Anabwerera kuntchito chalacho atachimanga bandeji pansi pa golovesi. Kunyumba ndinayamba kuona zinthu. Kapu ankainyamula ndi manja awiri. Kiyi wa pakhomo ankamutembenuza ndi lamanzere. Tsiku lachisanu ndi chitatu, m'mawa, ndinamupeza waima pakhomo la bafa akulimbana ndi batani la malaya, chala chikungoterereka.

"Ukuika bwanji diripi ndi chala chimenecho?"

"Ndikupempha anzanga."

"Akulu ako kuntchito akudziwa?"

"Bambo, m'wodi muja anthu akufa. Ndikaime pamaso pa akulu anga n'kunena kuti ndinakasewera pa chipale ndiye ndipatseni masabata opuma? Pangano lili pafupi. Amene sakuoneka pantchito ndi amene amayamba kumuiwala."

Mkamwini ndiye anamukakamiza. Anati akapanda kupita kuchipatala tsiku lomwelo, iye aimbira foni akulu akewo. Mwana wanga anavomera, koma anasankha kachipatala kena ku Al Muraqqabat, kutsidya kwa mtsinje wa m'tauni, kumene palibe ankamudziwa. Mkamwini anali ndi ntchito, choncho ndinamuperekeza ndine.

Kwa dokotala ankalowetsa wodwala yekha. Ine ndinakhala pakhonde, pa mpando wa pakati pa mipando iwiri yomatidwa zomata zofiira kuti pasakhale munthu. Sanachedwe. Anatuluka ndi bandeji yatsopano ndi pepala m'manja.

"Akuti n'kubinya. Ekisire yaonetsa kuti fupa lili bwino. Masiku atatu opuma, basi. Tiyeni."

"Ndione pepalalo."

"Bambo, takisi ikudikira."

"Idikire."

Pepalalo ndi lachitatu m'fayilo. Linati wodwalayo anaterereka m'bafa dzulo lake n'kutsamira dzanja pakhoma. Linati chalacho sichinayesedwe mokwanira chifukwa cha ululu, ndipo popeza kuvulalako n'kwatsopano, aonedwenso kutupa kukachepa. Ndinawerenga kawiri. M'mizere inayi munali mabodza atatu: bafa, dzulo, khoma.

"Izi wanena ndiwe?"

"Tsitsani mawu."

"Ndikufunsa ngati wanena ndiwe."

"Ndanena ndine. Mumafuna ndinene kuti chiyani? Kuti bambo anga anandimanga chala pa ndodo, atatha anachikoka ngati akuzula chinangwa? Alembe zimenezo? Akalemba masiku asanu ndi atatu anditumiza ku sikani, ku sikani anditumiza ku opaleshoni, ndiye ntchito mwandisungira ndinu?"

Aka kanali koyamba kuti atchule zimene ndinachita. Anthu awiri amene anakhala patali anali akutiyang'ana pamwamba pa masiki awo. Ndinamva manyazi, ndinamvanso mkwiyo, ndipo sindinama kuti mkwiyowo unali wa chikondi chokha. Pepala labodza limandinyansa. Ndinaonapo munthu akumanidwa penshoni chifukwa kalaliki wina analemba chaka cholakwika zaka zambiri m'mbuyo, ndipo pepalalo linapambana munthu wamoyo ataima pomwepo. Ili likanapita m'kompyuta, dokotala aliyense wotsatira akanayambira pa bafa ndi dzulo.

Ndinaimirira n'kukagogoda pachitseko cha dokotala.

"Bambo, mukatero sindidzakuyankhulaninso."

Ndinagogodanso. Namwino wa pamenepo anabwera akutambasula manja kuti operekeza saloledwa. Ndinamuuza kuti sindikulowa, ndiyankhulira pakhomo, ndipo ndinabwerera m'mbuyo mpaka pa mzere wachikasu umene anajambula pansi. Chitseko chinatseguka. Dokotalayo anali mayi wachikulire, wovala masiki ndi chotchinga nkhope cha pulasitiki.

"Pepani adokotala," ndinatero m'Chingerezi cha mu ofesi. "Pepala ili lili ndi zolakwika zitatu, ndipo zolakwikazo si zanu. Sanagwe m'bafa, anagwa potsetsereka pa chipale. Si dzulo, lero ndi tsiku lachisanu ndi chitatu. Sanatsamire khoma, anagwera ndodo imene inali m'chikhatho. Pali chachinayi chimene sichinalembedwe. Ndodoyo ndinamumangirira ndine, ndipo madzulo ake ndinachikoka chalacho kawiri."

Dokotala anandiyang'ana, kenako anayang'ana mwana wanga.

"Awa ndi bambo anu?"

"Inde."

"Zimene akunenazi n'zoona?"

Mwana wanga anayang'ana pansi. Kenako anagwedeza mutu kuvomera.

"Lowaninso. Inu bambo, imani pomwepo, chitseko ndichisiya chotsegula. Mundionetse mmene munamangira."

Anandiponyera lamba wa chikwama chake ndi cholembera chachikulu kuti chikhale ngati ndodo. Ndinaonetsa pa dzanja langa: kuchokera pamwamba, kawiri pamkono, kukola chala. Iye anapukusa mutu. Anatenga lamba wina n'kundionetsa njira yake. Dzanja limalowa kuchokera pansi, ngati likutuluka m'dzenje, kenako limatsika n'kugwira lamba ndi ndodo pamodzi. Munthu akagwa n'kutambasula zala, ndodo imachoka m'chikhatho n'kulendewera pamkono. Mmene ndinamangira ine, ndodo inalibe kothawira. Inakhala pakati pa chala ndi chikhatho, thupi litaigwera inakankhira chalacho kunja. Anati ndodo zina zamakono zili ndi lamba woguluka yekha akakokedwa mwamphamvu, ndipo aphunzitsi ena amauza oyamba kumene kuti asalowetse dzanja n'komwe, ndodo ikagwa igwe.

"Ndodo kutayika si kanthu," anatero. "Amatola."

Anabaya chalacho jakisoni wochititsa dzanzi, anadikira, kenako anagwira tsinde lake n'kuchikankhira pambali pang'onopang'ono. Ndinaona ndili pa mzere wachikasu paja. Chalacho chinapita, chinapitirira, osaima paliponse, ngati chitseko choguluka. Anachita chimodzimodzi ku dzanja lamanzere ndipo chinaima msanga.

"Mtsempha umene umamanga mfundo iyi waduka," anatero. "Ukang'ambika pang'ono, chikhakha chimakwana. Ukadukiratu, nthawi zina nsonga yake imapindikira pamalo pamene singalumikizane yokha, ngakhale mudikire chaka. Pamenepo mpofunika kusoka, ndipo kusoka kumayenda bwino masabata oyambirira. Inu ndinu namwino, mukudziwa zimenezi. Mwataya kale masiku asanu ndi atatu."

Ndinafunsa ngati kukoka kwanga ndiko kunaudula.

"Sindingadziwe. Mwina unaduka pogwa pomwepo. Koma kukokako sikunathandize."

Anang'amba pepala la mabodza lija pakati, koma ndinapempha zidutswazo, ndipo ndinazimata. Analemba lina lotitumiza ku sikani ndi kwa dokotala wa manja.

M'takisi mwana wanga anakhala kutsogolo, chinthu chimene sankachita. Kunyumba anauza mwamuna wake zonse ine ndili pomwepo, akunditchula kuti "abambo awa" ngati mlendo wa m'basi. Mkamwini anamvetsera, kenako anati, "Apongozi acita bwino." Mwana wanga anamuyankha kuti ngati achita bwino akawaike diripi odwala ndi iwowo.

Sikani inaonetsa zimene dokotala ankaopa. Nsonga ya mtsempha inali itapindikira kunja. Koma masiku amenewo opaleshoni yosakhala yangozi inkayenda mwa mzere, ndipo munthu sankalowa asanayezetse matenda aja. Mwana wanga anayezedwa m'mphuno Lolemba. Iye ankagwira pakati pa odwala tsiku ndi tsiku, ndipo tonse tinkadziwa kuti akamupeza nako kachilomboko adikira masabata ena awiri, mtsempha ukufota. Zotsatira zinkabwera pa foni. Masiku awiri amenewo foniyo inakhala patebulo, ndipo ikalira tonse atatu tinkasiya kutafuna. Uthenga wina unali wa sitolo, wina wa mpingo. Lachitatu masana unabwera woti alibe. Anamusoka tsiku lakhumi ndi chisanu ndi chiwiri chigwereni. Ine a chipatala sanandilole ngakhale kufika pakhonde.

Pa masabata a chikhakha ndinalemba kalata kwa oyang'anira malo otsetsereka aja. Inali ya masamba awiri. Ndinawafunsa kuti munthu amene angalembe ndime khumi ndi ziwiri amalephera bwanji kulemba yakhumi ndi chitatu, yonena mmene dzanja limalowera mu lamba. Anayankha mwaulemu. Anati akumva chisoni, ndipo anatumiza chithunzi cha chikwangwani chimene chili pakhoma pamene amaperekera ndodo, chojambulidwa dzanja likulowa kuchokera pansi. Ndiko kumene mayi uja ankaloza. Ndinawalemberanso kuti chikwangwani si pepala, munthu sapita nacho kunyumba, ndipo masiku a masiki theka la anthu ovala magalasi ankayenda osaona. Mpaka lero ndikuona kuti pamenepo ndinanena zoona. Kalata yachiwiriyo sanayankhe.

Mwana wanga anakhala masiku khumi ndi limodzi osandiyankhula kupatula moni. Dzanja lamanja lili m'chikhakha, zambiri zinkamukanika, koma ankadikira mwamuna wake abwere kusiyana n'kundipempha ine. Tsiku lina masana ndinamva akulimbana ndi botolo la mankhwala kukhitchini, atalipana m'khwapa. Ndinapita n'kuima pakhomo. Anandiyang'ana, n'kuliika patebulo.

"Tsegulani. Koma musakoke chilichonse."

Akulu ake kuntchito anamuitana pa foni ya kanema. Anawauza zoona zake zonse, za chipale zomwe, chifukwa mapepala a dokotala anali atanena kale. Sanamukalipire. Anati akachotsa chikhakha abwere azikayankha mafoni a achibale a odwala, popeza achibalewo sankaloledwa kulowa m'wodi, ndipo za pangano aziona akaona dzanjalo. Mawu amenewo, akaona dzanjalo, anakhala nafe m'nyumba masabata onse otsala.

Chikhakha chitachoka, chalacho chinali chowonda, chotuwa, chouma ngati kamtengo. Anamupatsa zochita: kukhudza nsonga ya chala chilichonse, kufinya kampira, kutola nyemba m'mbale imodzi kuika m'ina. Ankachita zimenezi m'mawa asanapite ku mafoni aja ndi madzulo akabwera. Nyemba zinkagwa pansi, ine n'kumatola. Tsiku lina anaponya mbale yonse kukhoma. Tinatola tonse awiri.

Sabata yomaliza ya panganolo anamuuza kuti Lachinayi alowe m'wodi, aike diripi mkulu wa anamwino akuonerera. M'mawa mwake sanadye. Ndinkafuna kumuuza mawu ena olimbikitsa, koma ndinaona kuti malangizo anga anali atakwana chaka chimenecho, choncho ndinangomutsegulira chitseko.

Tsikulo ndinasita malaya anga onse, ngakhale ositasita. Mkamwini anaimba kawiri kufunsa ngati ndamva kanthu. Mwana wanga anafika dzuwa likulowa, analunjika kubafa monga mwa nthawi zonse, ndipo ndinadikira mpaka madzi anasiya kutuluka. Anabwera atakulunga thaulo kumutu n'kukhala pampando woyang'anana ndi wanga.

"Anandipatsa agogo ena a ku Sudan, mitsempha ngati ulusi," anatero. "Koyamba ndinaphonya. Akulu aja ali chiimire apa. Agogowo akuti, mwana wanga, usaope, dzanja linalo lilipo. Kachiwiri inalowa."

"Ndiye akuti bwanji?"

"Akuti andiwonjezera chaka china. Koma masabata oyamba ndizichita theka m'wodi, theka ku mafoni." Anatambasula dzanjalo n'kuliyang'ana. Chalacho sichinkapindika mpaka pamene chinzake chimafika, ndipo mpaka pano sichifika. "Likupweteka. Mundithowe, Bambo. Madzi ofunda chabe, adokotala analola."

Ndinapita kukatenthetsa madzi.